Imfa ya Pamseu: Tsoka Kapena Mlandu?

Ife a ku Naisi, pamodzi ndi anzathu a ku Chinamwali, a ku Songani ndi a ku Domasi, tikhala m'mphepete mwa mseu waukulu wochokera ku Blantyre, wopyola m'mzinda wa Zomba, nutsikira ku Liwonde kufikira ku Mangochi. M'makalata a Boma dzina lache ndi M3. Palibe mmodzi wa ife amene sanamvepo kulira kwa mabuleki, ndi mfuu ya amai yotsatapo, ndi mapazi a anthu othamangira pa malo amodzi. Ndipo ambiri a ife takhalapo pa siwa, womwalirayo ali mwana amene anatuluka m'mawa wamoyo ndi wolimba, kunka ku sukulu kapena kukagula mchere, nabwera madzulo wonyamulidwa. Pa maliro otere mau amene timva kawiri kawiri ndi awa: "Linali tsoka." Ena ati, "Tsiku lache linakwana." Ndipo tonse tivomera ndi mitu, pakuti mau awa atonthoza mtima, ndipo satsutsa munthu ali yense.

Koma tiyeni, abale, tifunsane funso limene pa maliro silifunsika. Kodi nzoona kuti imfa ya pamseu ndi tsoka? Kapena ndi mlandu umene tonse tiopa kuutchula dzina?

Mbuna ya pa njira ya kumadzi

Makolo athu anadziwa kusiyanitsa tsoka ndi mlandu. Nthambi ikathyoka ndi mphepo m'thengo, nigwera munthu wapaulendo, panalibe wopalamula. Anthu analira, naika maliro, nabalalika. Koma tiyerekeze kuti mlenje wina wakumba mbuna kuti akole nguluwe, naiphimba bwino ndi udzu ndi dothi, ndipo waikumba pa njira yomwe amai ndi ana atsikira kumadzi. M'mawa mwache mwana agwamo, nafa. Pabwalo mlenje uja anena, "Ine sindinafuna kupha munthu, ndinafuna nguluwe." Kodi mfumu idzammasula? Iai. Idzati, "Sitifunsa chimene unafuna, tifunsa chimene unadziwa. Kodi sunadziwa kuti pamenepo papita anthu?" Ndipo mlenjeyo akati, "Mwanayo akadayang'ana pansi sakadagwamo," bwalo lonse lidzamzazira, pakuti mwana ndiye mwana, ndipo wamkulu wokumba dzenje ayenera kukumbukira kuti m'mudzi muli ana.

Muyeso wache ndi umenewu: choipa chimene chinadziwika kale kuti chidzagwa, ndipo njira yochiletsa inalipo, koma anthu sanaitsata, chimenecho si tsoka ai. Ndi mlandu, angakhale panalibe wochifuna.

Tsono tiyese imfa ya pamseu ndi muyeso womwewo. Pa 17 August 1896, ku Crystal Palace m'mzinda wa London, mai wina dzina lache Bridget Driscoll, wa zaka 44, anagundidwa ndi galimoto, nafa. Iye ndiye woyamba mwa oyenda pansi kuphedwa ndi galimoto m'dziko la Britain. Oweruza anati inali imfa ya ngozi. Ndipo kapena ananena zoona, pakuti masiku amenewo galimoto inali chinthu chachilendo, ndi anthu sanadziwa mphamvu yache. Koma kuyambira tsiku lomwelo papita zaka zoposa 125, ndipo lero palibe angathe kunena kuti sitidziwa.

Bungwe loyang'anira umoyo pa dziko lonse, World Health Organization, linawerenga kuti m'chaka cha 2021 anthu ngati 1,190,000 anafera pa miseu ya dziko lapansi, ndi kuti mwa ana ndi achinyamata a zaka 5 kufikira 29 palibe nthenda yopha ambiri koposa mseu. Oposa theka la akufawo sanali m'kati mwa galimoto. Anali oyenda pansi, opalasa njinga, ndi okwera njinga zamoto. Mwa magalimoto 100 ali onse a pa dziko lapansi, kuno ku Africa kuli atatu okha. Koma mwa anthu asanu ofera pamseu, mmodzi ngwa kuno. Za Malawi, bungwe lomwelo linayesa kuti m'chaka cha 2016 anafa anthu oposa 5,000, angakhale olembedwa m'mabuku anangopitirira 1,000 pang'ono.

Lingalirani bwino. Chinthu chimene chigwa chaka ndi chaka, pa malo omwewo, kwa anthu a mtundu womwewo, kotero kuti owerengera akhoza kuneneratu chiwerengero cha chaka cha mawa, kodi tingachitche tsoka? Tsoka silisunga nyengo yache chotero. Chimene chibwera pa nthawi yache monga dzinja chiri ndi muzu wache, ndipo muzu ukhoza kuzulidwa.

Njira inayamba ndi mapazi

Pamene Alexander Hetherwick, wa mishoni ya ku Scotland, anakhazikitsa mishoni ku Domasi m'chaka cha 1884, munalibe galimoto ndi imodzi yomwe m'dziko muno. Pamene Zomba inasanduka likulu la Boma m'chaka cha 1891, katundu anayenda pa mitu ya amtengatenga, ndi akulu anayenda m'machila. Njira za patsinde pa phiri la Zomba ndi la Malosa zinapondedwa ndi mapazi, ndipo zinalambulidwa ndi makasu a anthu a m'midzi yomwe ino. Chifukwa chache tinene mosaopa: pa njira iyi galimoto ndiyo mlendo, ndipo woyenda pansi ndiye mwini mudzi.

Panjira panali mwambo wache. Wopanda katundu anapatukira wosenza mtolo; mnyamata anapatukira nkhalamba; wofuna kupyola mnzache anayamba wanena "Zikomo," nadikira kuti ayankhidwe. Mwambo wonsewo unakhazikika pa mau amodzi, akuti wamphamvu asunge wofoka. Koma pa mseu wa phula mwambo watembenuka. Lore ipatutsa minibasi. Minibasi ipatutsa njinga yamoto. Njinga yamoto ipatutsa wakabaza wopalasa. Iyenso apatutsa mai wosenza nkhuni za kuphiri, kufikira maiyo atsikira m'ngalande ndi mwana kumbuyo. Amene ali ndi chitsulo chochuluka ndiye mfumu. Lamulo lotere ndi la m'madzi, kumene nsomba yaikulu imeza yaing'ono. Si la anthu ai.

Musandimve ngati ndida mseu. Tinaulira, ndipo tinachita bwino. Ndiwo ufikitsa wodwala msanga ku chipatala cha ku Zomba. Ndiwo utengera mpunga wa ku Domasi ndi matemba a ku Chilwa ku misika ya kutali. Palibe afuna kubwerera ku machila. Koma akulu anati, walira mvula walira matope. Ndipo munthu wanzeru, podziwa kuti matope adzafika, akumba ngalande mvula isanagwe. Chobvuta nchakuti mseu uwu uli ndi nkhope ziwiri. Kwa dalaivala wonka ku Mangochi, Naisi ndi dzina chabe limene alipyola m'kamphindi. Kwa ife, mseu womwewo ndiwo bwalo la mudzi: nyumba iri tsidya lino, sukulu tsidya lija, munda kuno, chigayo uko, ndipo kanjira kali konse kochokera m'mudzi, pofika pa phula, kasanduka mphambano pamene munthu akomana ndi chitsulo. Mseu ukamangidwa pokumbukira nkhope yoyamba yokha, nkuiwala yachiwiri, pamenepo mbuna yakumbidwa pa njira ya kumadzi.

Za liwiro

Chimene chipha makamaka ndi liwiro. Ndipo pano mundilole ndiwerengere pang'ono, pakuti nkhani iyi simveka bwino popanda chiwerengero.

Dalaivala akaona mwana akutulukira pamseu, papita ngati sekondi imodzi phazi lache lisanaponde buleki. Ngati galimoto iyenda makilomita 30 pa ora, pa phula louma ndi matayala abwino, idzaima itapita ngati mamita 13. Ngati iyenda makilomita 50 pa ora, ipita mamita 14 m'sekondi ija yokha, buleki isanagwire konse, ndipo iima itapita ngati mamita 28. Taonani tanthauzo lache: pa malo pamene galimoto yoyamba yaima kale, mwana ali chiriri wamoyo ndi mantha ache, yachiwiri ifikapo ndi liwiro lache lonse. Ndipo yoyenda makilomita 80 pa ora siima kufikira itapyola theka la bwalo la mpira. Pakuti liwiro likachuluka kawiri, mtunda woimira utaponda buleki uchuluka kanai.

Thupi la munthu nalonso liri ndi malire ache. Ofufuza apeza kuti mwa anthu 10 ogundidwa ndi galimoto yoyenda makilomita 30 pa ora, ngati 9 apulumuka. Koma pa makilomita 80 opulumuka ngowerengeka. Chifukwa cha ichi nduna za maiko ambiri, posonkhana ku Stockholm m'mwezi wa February 2020, zinagwirizana kuti pamene anthu oyenda pansi ndi magalimoto asanganikira kawiri kawiri, liwiro lisapitirire makilomita 30 pa ora.

Wina adzati, "Nanga sitidzachedwa kodi?" Tiwerengerenso. Kupyola kilomita imodzi ya pamsika pa liwiro la 80 kutenga masekondi 45. Pa liwiro la 30 kutenga mphindi ziwiri. Kusiyana kwache ndi mphindi imodzi ndi masekondi 15. Umenewo ndiwo mtengo umene tagulitsa nao moyo wa mwana. Minibasi yomweyo imene ithamangira mphindi imodziyo idzaima mphindi khumi pa siteji kudikira kuti idzale. Zoonadi, kuthamanga si kufika.

Zimene otsutsa anena

Choyamba anena kuti, "Wolakwa ndi mwanayo, pakuti anaoloka wosayang'ana." Kapena nzoona kuti sanayang'ana. Koma mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri sakhoza kuyesa bwino liwiro la galimoto ikudza. Ndiponso ngwamfupi, kotero kuti potulukira kumbuyo kwa minibasi yoima saoneka, ndi iyenso saona. Nkhalamba ya maso a nkhungu siingathamange. Ndipo ndani mwa ife akulu amene sanalakwepo panjira, poyenda ndi mtima wolemedwa ndi ngongole kapena matenda a kunyumba? Funso si lakuti munthu analakwa kapena iai. Funso ndi ili: kodi kuyenera kuti chilango cha kulakwa kwa kamphindi chikhale imfa? Palibe bwalo la milandu lingaweruze chotero. Koma mseu wosamangidwa bwino uweruza chotero tsiku ndi tsiku.

Anthu a ku Sweden analingalira funso limeneli, ndipo m'chaka cha 1997 nyumba yao ya malamulo inavomereza chiphunzitso chotchedwa Vision Zero. Mutu wache ngwakuti munthu adzalakwa ndithu, pakuti ndi munthu. Chifukwa chache mseu umangidwe kotero kuti kulakwa kwache kusamuphe, ndipo omanga mseu asenze mbali yao ya mlandu pamodzi ndi oyendamo. Ku Netherlands, m'chaka cha 1971, anthu oposa 3,000 anafera pa miseu, ndipo oposa 400 mwa iwo anali ana. Pamenepo makolo ananyamuka, nayambitsa gulu lotchedwa Stop de Kindermoord, ndiko kunena kuti, lekani kupha ana. Zindikirani mau amene anasankha: sanati ngozi, anati kupha. Anakhala pansi m'miseu, naumiriza akulu a mizinda kuti apatule njira za njinga, nachepetse liwiro pakati pa nyumba za anthu. Masiku ano ofera pa miseu ya dziko limenelo safika 800 pa chaka, angakhale magalimoto achuluka koposa kale. Ndipo m'chaka cha 2019 mizinda ya Oslo ndi Helsinki inatha chaka chamtunthu wosafa munthu woyenda pansi ndi mmodzi yemwe. Kukadakhala kuti imfa izi ndi tsoka, sizikadamvera malamulo a anthu. Koma zinamvera.

Chachiwiri anena kuti, "Amenewo ndi maiko olemera; ife ndife osauka." Tsono tiyang'ane kwa anansi athu. Ku Dar es Salaam, m'dziko la Tanzania, bungwe lotchedwa Amend linasankha sukulu zimene ana ache anali kuvulala kwambiri pamseu, nilikonza malo ozungulira sukuluzo. Silinamanga zinthu zozizwitsa ai: tinjira ta oyenda pansi m'mbali mwa mseu, zitunda zochepetsa liwiro, mizere yoyera yoolokerapo, ndi zikwangwani, ndipo ana anaphunzitsidwa kaolokedwe. Pofufuza pambuyo pache anapeza kuti kuvulala kwa ana kunatsika ndi 26 mwa 100 ali onse. Izi zinachitika ndi simenti, miyala ndi penti, zinthu zimene ziripo ku Zomba komwe.

Ndiponso, amene anena za umphawi awerengere mbali zonse ziwiri. Bambo wa nyumba akafa pamseu, kapena akatsala wolumala, ndani alipira? Ana aleka sukulu, munda ugonera, mbuzi zigulitsidwa. Ndalama imene inasungidwa posamanga kanjira ka oyenda pansi siinasungidwa konse. Inangosamutsidwa kuchoka m'thumba la dziko lonse, nisenzetsedwa mkazi wamasiye mmodzi. Dziko limene lapeza ndalama za phula la magalimoto, nilisowa za kanjira ka anthu, silinasowa ndalama. Linangosankha amene ayenera kutsogola. Ndipo m'dziko lathu oyenda pansi ndi pa njinga ndiwo ochuluka koposa eni magalimoto. Kodi nchilungamo kumangira ochepa, ndi kukankhira ochuluka m'ngalande?

Gawo lathu la mlandu

Koma tisakhale ngati munthu woloza chala kutali, osaona zala zitatu zoloza chifuwa chache. Ngati imfa ya pamseu ndi mlandu, ifenso tiri momwemo.

Ndife amene tikhala m'minibasi yothamanga ngati mphepo, tonse chete, poopa kusekedwa. Ndipo ena a ife tidzudzula dalaivala woyenda bwino kuti atichedwetsa. Ndi ana athu amene akwera njinga yamoto atatu kapena anai, opanda chisoti, woyendetsayo wosaphunzira malamulo a mseu. Ndi m'midzi mwathu momwe mupezeka makasu ndi mbaula zosulidwa ndi chitsulo cha zikwangwani zakuba. Ndipo wogula chinthu chotere adziwe kuti wagula chenjezo limene likadapulumutsa munthu. Ndife amene titumiza kamwana kokha kukaoloka mseu madzulo. Ndipo ngozi ikagwa, ndife amene titola miyala kuti tikanthe dalaivala; potero taphunzitsa madalaivala onse kuthawa, ndi wovulala atsala pansi wopanda womtengera ku chipatala. Kubwezera sikunaukitsepo wakufa.

Palinso nkhani ya malonda. M'mwezi wa June 2019, pa msika wa Kampepuza m'boma la Ntcheu, lore inalephera kuima, nilowa pakati pa magalimoto ndi anthu a pamsika, ndipo anafa oposa 15 tsiku limodzi. Ali yense wodziwa misika ya m'mbali mwa mseu wathu adziwa kuti tomato, nthochi ndi mbatata ziyalidwa kufikira pa mlomo weni weni wa phula. Sindidzudzula mai wogulitsa. Iye atsata wogula, ndi wogula ali pamseu, ndipo ana ache ayenera kudya. Kumthamangitsa ndi chikoti sikuthandiza, pakuti mawa adzabwerera. Chofunika ndi malo a msika okonzeka, otalikira pang'ono ndi phula, okhala ndi poima magalimoto, kuti wogula apatuke namtsate kumeneko. Koma malowo akapatsidwa, nafenso tiyenera kulowamo.

Chimene tiyenera kupempha

Mutu umodzi susenza denga. Miseu yaikulu monga wathu uwu iyang'aniridwa ndi bungwe la Roads Authority. Tiri ndi khonsolo ya boma la Zomba ndi ya mzinda wa Zomba. Tiri ndi makhansala, aphungu, mafumu, ndi makomiti a chitukuko m'midzi. Onsewa amva msanga mau a mudzi wonse koposa kulira kwa nyumba imodzi. Komiti ya sukulu iri yonse ya m'mbali mwa mseu isunge buku, nilembe ngozi iri yonse, tsiku lache ndi malo ache; pakuti kudandaula kuiwalika, koma cholembedwa chitsala, ndipo chionetsa poyera pamene pali mbuna.

Ndipo popempha tidziwe chopempha. Tipemphe kanjira ka oyenda pansi ndi opalasa njinga, kopatulidwa ndi phula la magalimoto. Tipemphe liwiro la makilomita 30 pa sukulu, pa msika ndi pa chipatala; ndipo lisalembedwe pa chikwangwani chokha, koma lisungidwe ndi zitunda, pakuti chikwangwani chipempha, koma chitunda chilamula, usiku ndi usana, wapolisi alipo kapena palibe. Tipemphe poolokera pokwezeka, poikidwa pamene anthu aolokera kale, si pamene wojambula mapu aona kuti mpabwino. Tipemphe malo oima minibasi kunja kwa mseu, kutali ndi mphambano, kuti woturuka m'kanjira aone ndi kuoneka. Tipemphe nyali pa malo a malonda. Ndipo nthawi yabwino yopempha izi ndi pamene mseu ulikukonzedwa, mapu asanatsekedwe. Pakuti mseu wosalala ndi wotakata uitana liwiro, ndipo ukakonzedwa popanda zotchinjiriza anthu, ubwino wache womwewo usanduka lupanga.

Pakali pano, zimene sizifuna ndalama tiyambe lero. Akulu awiri asinthane kuima pa chipata cha sukulu m'mawa ndi pa nthawi yoweruka, naolotse ana m'magulu. Woyenda usiku abvale choyera, nayende mbali yoyang'anana ndi magalimoto akudza. Wokwera minibasi atsegule pakamwa, nanene mwaulemu, "Adalaivala, chepetsani, pano pali ana." Ndipo inu abale amene mugwira chiongolero, kumbukirani kuti mukatsika m'galimoto muli oyenda pansi monga ife, ndi kuti mwana wanu nayenso aoloka mseu wa mudzi wina pamene dalaivala wina ali kufulumira. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Pa maliro tidzapitirira kutonthozana, pakuti nkoyenera. Ndipo palibe ayenera kuuza mai wolira za mamita ndi masekondi. Koma tikabwerako kumanda, titasamba m'manja, tisanyengane. Mbuna iri pa njira ya kumadzi, tonse taiona, ndipo makasu okwirira tiri nao. Mwana wina akagwamonso, tidzayankha chiani pofunsidwa, si chimene tinafuna, koma chimene tinadziwa?